Tifunseni: Timakhadi ndili nato tambiri koma anatomy ikundigwetsabe

Mwezi uno mafunso a ophunzira zachipatala achuluka zedi, ndipo onse kulira kwake nkumodzi, anatomy (kapangidwe ka thupi) ndi physiology (momwe thupi limagwirira ntchito). Ndasankhapo okhawo okhudza ma flashcard, timakhadi tija timalemba funso kutsogolo yankho kumbuyo. Ena ndawafupikitsa poti munalemba ngati mukulemba asayimenti.

Funso: Achemwali, ndili chaka choyamba kosi ya unamwino ndipo anatomy yandikwana. Anzanga anandiuza kuti ndizipanga ma flashcard ndiye ndinadula mapepala, pano ndili ndi timakhadi topitilira 600 tomanga ndi labala, usiku uliwonse ndimatiwerenga mpaka tulo kundigwira pampando pomwepo, koma mayeso apakati pa temu ndapeza 41. Ndikamawerenga ndimaona ngati zonse ndikuzidziwa koma ndikangolowa mu holo mutu umangoti zii. Kodi ndine mbuli kapena za ma flashcard zi ndi zonama? Ndine Wotopa.

Yankho: Mng'ono wanga, mbuli singakhale pansi nkudula timakhadi 600, nde zimenezo zichotse kaye m'mutu. Vuto ndaliona pa mawu omwe walemba wekha, akuti "ndimatiwerenga". Khadi siliwerengedwa ayi, limayankhidwa. Ukaona funso nkutembenuza pompo kuti uone yankho ubongo umangoti eya eya izi ndikuzidziwa, chonsecho sunatulutse kanthu. Zili ngati kukumana ndi munthu panjira, nkhope ukuidziwa bwinobwino mpaka mwapatsana moni wosekerera, koma wina akufunse dzina lake iwe kukamwa yasa. Mu holo muja amafunsa dzina, nkhope alibe nayo ntchito.

Akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anatulutsa kafukufuku wa zimenezi mu 2006. Anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge, ena anaibwereza kangapo, ena atawerenga anauzidwa kuti alembe zonse zomwe akukumbuka osasuzumira. Atawayesa patangopita mphindi 5 obwereza kuwerenga aja ndi omwe anakhoza bwino, koma patatha sabata zinthu zinatembenuka, odziyesa aja anawasiya kumbuyo. Chondiseketsa nchakuti obwereza kuwerengawo ndi amenenso ankadzidalira kuti akumbuka kwambiri. Iwe uli gulu limenelo pakadali pano. Nde kuyambira lero, ona funso, yankha mokweza kapena lemba pa kapepala, kenako utembenuze. Ukayankha theka ndekuti walakwa, osadzinyengerera kuti aaa zinali pafupi.

Chachiwiri ndikufuna ndione zomwe unalemba pa timakhadito, chifukwa ndikukaika kuti unangokopera manotsi onse mu tizilembo ting'onoting'ono. Inenso ndinachitapo zomwezo nthawi yanga. Ndinali ndi khadi limodzi lolembedwa cranial nerves (ma nerve otuluka mu ubongo) kutsogolo, kumbuyo kwake zonse 12, mayina, manambala, ntchito zake, mabowo a m'chigaza omwe zimatulukira, mpaka kulemba chopingasa m'mbali poti malo anatha. Ndinkaziyimba ngati nyimbo kuyambira olfactory mpaka hypoglossal osapuma. Tsiku la mayeso funso linabwera motere, munthu diso lake lakumanja likukanika kuyang'ana cha kunja, ndi nerve iti yavulala? Ndinakhala pamenepo nkumawerenga zala pansi pa desiki, nyimbo ija yosandithandiza olo pang'ono. Yankho linali abducens, ya nambala 6, yomwe imayendetsa mnofu wa lateral rectus, wokokera diso cha kunja. Ndinkalidziwa dzinalo koma linali lomangika mu mndandanda, palokha silinkatuluka.

Khadi ngati limenelo ling'ambe. Khadi limodzi funso limodzi. Lina lifunse kuti lateral rectus imayendetsedwa ndi nerve iti, lina lifunse chobwerera kuti abducens imapita ku mnofu uti, lina lifunse kuti ikavulala diso limapendekera kuti, yankho nkukhala mkati cha ku mphuno. Superior oblique, mnofu winanso wa diso, nayo khadi lake, trochlear ya nambala 4. Makhadi achuluka inde koma lililonse uliyankha mu masekondi ochepa ndipo ukalakwa ukudziwa penipeni pomwe walakwa.

Chomaliza, 600 usiku uliwonse nkudzipha chabe. Mkulu wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kalekale mu 1885 kuti chinthu chatsopano timachiiwala mothamanga m'maola ndi masiku oyambirira, koma tikachibwereza motalikitsa nthawi chimayamba kukhazikika. Mu 1972 mtolankhani Sebastian Leitner, wa ku Germany komweko, anafalitsa njira ya mabokosi yomwe anthu akugwiritsabe ntchito. Peza timabokosi titatu, olo ma envelopu atatu zilibe kanthu. Onse ayambire loyamba lomwe umaliona tsiku lililonse. Khadi ukaliyankha bwino lisamukire lachiwiri, loona pakapita masiku atatu, likakhozanso lipite lachitatu la kamodzi pa sabata. Ukalilakwa, olo likhale linafika kale lachitatu, libwerere loyamba popanda kulimvera chisoni. Pakatha masabata awiri uona kuti bokosi loyamba latsala ndi zokuvuta zenizeni zokhazokha, ndipo nthawi yako ikuthera pamenepo osati pa femur, fupa la ntchafu lomwe unalidziwa kale. Ndiponso uzigona. Zowerenga uku ukuwodzera pampando sizilowa.

Funso: Achemwali, ine mafupa ndi minofu ndilibe nazo vuto, mafupa onse 206 ndikhoza kukutchulirani olo mutandidzutsa pakati pa usiku. Physiology ndiyo yandigwira pakhosi. Ndinalemba makhadi a matanthauzo, renin nchiyani, aldosterone nchiyani, ADH nchiyani, ndipo onse ndimayankha bwino, koma lekichara akafunsa kuti fotokozani zomwe zimachitika m'thupi munthu akataya magazi ambiri ndimalemba mizere iwiri basi ndauma. Ndithandizeni. Ndine Mnyamata wa chaka chachiwiri.

Yankho: Achimwene, funso lanu ndi lomwe landisangalatsa kwambiri mwezi uno chifukwa mwagwa mu dzenje lomwe ambiri sadziwa nkomwe kuti lilipo. Anatomy kwakukulu ndi mayina ndi malo, ichi nchiyani, chili pati, chagundana ndi chiyani, nde makhadi amaikwana bwino. Physiology ndi nkhani, ichi chikachitika chimayambitsa icho, icho nkudzutsa chinanso. Inu mwatenga nkhani nkuiduladula, mwatsala ndi mayina a anthu a mu nkhaniyo koma yemwe anayamba kumenya mnzake simukumudziwa.

Musanalembe khadi lililonse la physiology tengani pepala loyera mujambule nkhaniyo ndi mivi. Tiyeni tiyende limodzi ndi munthu wanu wotaya magaziyo. Magazi achepa, BP yatsika. Oyamba kumva ndi ma baroreceptor (omva kukwera ndi kutsika kwa BP) a mu carotid sinus ya m'khosi ndi aortic arch ya pafupi ndi mtima, amenewa akauza ubongo, mtima nkuyamba kugunda mothamanga, mitsempha ya magazi ya pakhungu nkufinyika, nchifukwa chake munthuyo amatuwa nkuzizira. Uku impso nazo zaona kuti magazi akubwera mopereweza, ma juxtaglomerular cells atulutsa renin. Renin ikapeza angiotensinogen yomwe imapangidwa ndi chiwindi, iidula kukhala angiotensin I. Imeneyi payokha ilibe mphamvu kwenikweni mpaka ikumane ndi enzyme yotchedwa ACE, yomwe yambiri ili m'mitsempha ya magazi ya m'mapapo, nkusanduka angiotensin II. Apa nde bwana wafika. Afinya mitsempha, auza adrenal cortex ya pamwamba pa impso itulutse aldosterone, adzutsa ludzu, athandizanso kuti ADH, homoni yosunga madzi m'thupi, ituluke ku posterior pituitary ya kunsi kwa ubongo. Aldosterone iuza impso kuti sodium isataike, madzi nkumutsatira, potassium nde nkumatayidwa mu mkodzo. ADH nayo ikubweza madzi. Mapeto ake mkodzo uchepa, BP iyesa kukwera.

Mwaiona nkhaniyo? Tsopano makhadi atuluke mmenemo, ndipo asafunse kuti "nchiyani", afunse kuti "kenako chichitika nchiyani" ndi "chifukwa chiyani". BP yatsika, impso zitulutsa chiyani? Renin imadula chiyani, chochokera kuti? Nchifukwa chiyani wotaya magazi amakodza pang'ono? Ndipo makhadi okoma kwambiri ndi aja othyola nkhaniyo pakati, monga lakuti munthu akumwa mankhwala otseka ACE ngati enalapril, potassium wake akwera kapena atsika? Kuti muyankhe limeneli mukuyenera kuyenda njira yonse, ACE yatsekedwa, angiotensin II wachepa, aldosterone yachepa, potassium sakutayidwa mokwanira, nde akwera. Khadi limodzi lokha koma lakuyendetsani nkhani yonse, ndipo mafunso a lekichara wanu amabwera chonchi.

Manambala a physiology amenewo inde alowezeni pa khadi, palibe kuchitira mwina. pH ya magazi 7.35 mpaka 7.45, nerve cell ikapuma imakhala pafupifupi -70 mV, pampu ya sodium ndi potassium imatulutsa sodium 3 nkulowetsa potassium 2, maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120. Koma nambala iliyonse muzimuphatikira funso lomuvutitsa. GFR, kuchuluka kwa madzi omwe impso zimasefa kuchokera m'magazi, ndi pafupifupi 125 ml pa mphindi, zomwe ndi malita 180 pa tsiku, chabwino, nanga bwanji sitikodza malita 180? Chifukwa pafupifupi 99 peresenti imabwezedwa m'magazi, timangotaya lita imodzi ndi theka kapena chapompo. Chimodzimodzi cardiac output, magazi omwe mtima umapopa pa mphindi, musangoloweza kuti malita 5, werengetsani nokha, mtima ukagunda ka 70 pa mphindi nkumatulutsa 70 ml ulendo uliwonse ndi 4,900 ml. Mukadziwa komwe yachokera olo muiiwale muipezanso.

Kamodzi pa sabata muzikhala ndi khadi lomwe kutsogolo langolembedwa kuti jambula njira ya renin, kapena jambula ulendo wa magazi mu mtima. Tsekani buku, jambulani, kenako yerekezani ndi zoona ndi cholembera chofiira. Limeneli lokha ndalilola kuphwanya lamulo la funso limodzi.

Funso: Kodi chabwino nchiti, makhadi a pepala kapena a pa foni? Anzanga onse akuti Anki Anki, ena anandipatsa deki yopangidwa kale ya makhadi masauzande ambiri, nditatsegula ndinangoitseka ndi mantha. Ndine Wosokonezeka.

Yankho: Mng'ono wanga unachita bwino kuitseka kkkk. Anki ndi pulogalamu yomwe Damien Elmes anayamba mu 2006, dzinalo ndi la Chijapani lotanthauza kuloweza. Ntchito yake ndi yomweija ya mabokosi a Leitner kungoti masiku imawerengera yokha. Ukayankha khadi umadina Again, Hard, Good kapena Easy, iyo nkusankha tsiku lomwe idzakuonetsenso. Pa kompyuta ndi yaulere, pa Android ndi AnkiDroid yaulerenso, ya pa iPhone ndiyo yogula, ndipo makhadi akalowa mu foni sufunika intaneti kuti uwerenge. Palinso Quizlet yomwe ndi yosavuta kuyamba nayo, koma pa zokumbutsa patapita miyezi ine ndimaona Anki ili patsogolo.

Maganizo anga ndi awa, ngati kosi yako ndi ya temu imodzi ndipo makhadi sapitilira mahandiredi ochepa, pepala likukwana, ndipo kulemba ndi dzanja kumakukakamiza kufupikitsa. Ngati ndi ulendo wa zaka zitatu zinayi ndipo ukufuna anatomy ya chaka choyamba idzakhalepobe pomwe ukulowa mu wodi, pita pa Anki chifukwa mabokosi a pepala akafika masauzande sungawasamale. Koma udziwe kuti Anki simakhululuka, ukaijomba masiku anayi ukapeza mulu ukukudikira ndipo ambiri amathawira pamenepo osabweranso. Imabwera itatcheredwa pa makhadi atsopano 20 pa tsiku, ukaona kuti zikukulemera tsitsa kufika 10, sikulephera kumeneko. Ndipo foni yomweyo ndi yomwe muli WhatsApp ndi TikTok, nde uziyamba wathimitsa data.

Za madeki opangidwa kalewo, ambiri otchuka anapangidwa ndi ophunzira udokotala ku America pokonzekera mayeso awo a USMLE, muli zambiri zomwe silabasi yako sikufuna, pena zomwe lekichara wako amakonda kufunsa mulibemo. Ukhoza kubamo zithunzi ndi makhadi angapo abwino, koma theka la kuphunzira limachitika pomwe ukulimbana ndi funso loti pa tsamba ili ndifunsepo chiyani. Wina akakupangira zimenezo waphunzira ndi iyeyo.

Funso: Chizungu cha mu anatomy chimandivuta, mawu ake ndi aatali ngati sitima. Ndingamalembe mayankho m'Chichewa kumbuyo kwa khadi? Ndine Mayi wobwerera kusukulu.

Yankho: Amayi, choyamba ndikuyamikeni pobwerera ku sukulu. Dziwaninso kuti mawu amenewo ngakhale azungu eni ake amawavuta chifukwa ambiri ndi a Chilatini ndi Chigiriki. Kufotokoza m'Chichewa lembani ndithu, mukatha kufotokoza chinthu m'chilankhulo chanu ndekuti mwachimvadi. Koma dzina lenilenilo lisiyeni momwe lilili ndi sipelo yake, poti pa mayeso ndi lomwe mukalembe. Ndipo samalani ndi mawu oti mtsempha. Ife timati mtsempha ponena artery, vein, nerve, ngakhale tendon yomwe, chonsecho mu anatomy ndi zinthu zinayi zosiyana kutalitali. Mukalemba kuti "mtsempha wa pa mkono" simunanene kanthu, pamenepo pali radial artery, radial nerve, cephalic vein ndi zina.

Sitima zija zimaphwasulika m'mabogi. Tengani sternocleidomastoid, mnofu wa m'mbali mwa khosi womwe umaonekera mukatembenuza mutu. Sterno ndi sternum, fupa la pachifuwa, cleido ndi clavicle, fupa lopingasa pakati pa chifuwa ndi phewa, mastoid ndi kafupa kotukuka kuseri kwa khutu. Dzinalo likukuuzani lokha komwe mnofu wachokera ndi komwe wakathera. Nde pangani kamulu kapadera ka timakhadi ta zidutswa za mawu, hepat ndi chiwindi, nephr ndi ren ndi impso, cardi ndi mtima, oste ndi fupa, itis ndi kutupa. Timeneti ndi tochepa koma tidzakutsegulirani mawu omwe simunawaonepo.

Funso: Achemwali zolemba ndimakhoza koma pulakitiko ya mu labu, ija amabaya kapini pa fupa kapena pa modelo nkukupatsa mphindi imodzi belu nkulira, imeneyo ndimagwa nayo nthawi zonse. Makhadi angandithandize? Ndine Wamantha ndi belu.

Yankho: Angathandize ngati kutsogolo kuli chithunzi osati mawu. Makhadi ako akukuphunzitsa kuchoka pa dzina kupita ku tanthauzo pomwe mu labu akufuna uchoke pa chomwe ukuona kupita ku dzina, njira ziwiri zosiyana zimenezo. Jambula humerus, fupa la kumtunda kwa mkono, wekha olo ioneke ngati mpini, ika muvi pamalo amodzi, kumbuyo lemba dzina. Pa Anki pali chotchedwa image occlusion, umatenga chithunzi nkuphimba mayina ake, iyo nkumakufunsa limodzilimodzi. Koma usazolowere chithunzi chimodzi chokha. Fupa la m'buku limakhala loimirira bwino, lopakidwa mitundu, la pa tebulo la mayeso alitembenuza chagada ndipo ndi lakumanzere. Nde chinthu chimodzi chikhale ndi zithunzi ziwiri zitatu, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali. Mamodelo ndi mafupa a pulasitiki pempha chilolezo uwajambule, koma matupi a anthu omwalira omwe mumaphunzirirapo osayerekeza kuwajambula pa foni.

Modelo ina uli nayo kale, thupi lako. Khadi likafunsa medial epicondyle yankha uku ukuigwira, kafupa kotukuka mkati mwa chigongono, kuseri kwake ndi komwe kumadutsa ulnar nerve, ija ukagunditsa pa chitseko dzanzi limathamangira ku kachala kakang'ono. Weramitsa mutu ugwire pansi pa khosi kumbuyo, kotukuka kwambiri kaja kawirikawiri ndi C7. Fupa la radius lili mbali ya chala chachikulu komwe umamvera pulse. Ndipo poti vuto lako lina ndi belu, uziyeserera ndi belu, yala makhadi 10 pa tebulo, tchera alamu ya mphindi imodzi, uziyenda kuchoka pa lina kupita pa lina ngati mu labu momwemo. Ukakhala ndi mnzako asakanize ndi iyeyo kuti usadziwe chikubwera.

Funso: Mayeso atsala masiku asanu, sindinapangepo khadi olo limodzi. Ndiyambe? Ndine Wochedwa.

Yankho: Achimwene mwachedwadi, ndisakunamizeni. Mphamvu ya makhadi ili pa kubwereza motalikitsa ndipo masiku asanu mulibe mpata umenewo, mukayamba kudula mapepala pano masiku atatu athera pa sizasi. Tengani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ndi mafunso a kumapeto kwa chaputala, yankhani buku lili chotseka, kenako chongani. Zomwe mwalakwa zokhazo ndi zomwe mulembe pa makhadi, asapitilire 50, muziwayankha m'mawa ndi madzulo. Zinthu za mndandanda monga mafupa 8 a carpal (polumikizira dzanja ndi mkono) kapena ma vertebrae (mafupa a msana), 7 a m'khosi, 12 a pachifuwa, 5 a m'chiuno, zilembeni pa pepala loyera kamodzi tsiku lililonse osayang'ana. Usiku womaliza mugone. Temu ikubwerayi mudzandilembere sabata yoyamba, tidzayambire limodzi pa bokosi loyamba.